Sitolo ya abwenzi a chipatala ndi msika wawo wa pachaka ku England: kodi ndi poyenera kusiyapo ndalama?

Zipatala zambiri za boma ku England zili ndi sitolo yaing'ono pafupi ndi khomo lalikulu, imene imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo phindu lake lonse limabwerera kuchipatala komweko. Magulu ambiri oyendetsa masitolowa amadziwika ndi dzina loti League of Friends, kutanthauza gulu la abwenzi a chipatala, ngakhale kuti gulu lililonse ndi loima palokha, lokhala ndi komiti yake, msungichuma wake ndi mabuku ake a ndalama. Ndemanga ino ikukhudza sitolo ya gulu limodzi lotere pa chipatala cha m'tauni ina ya m'chigawo chapakati cha dzikolo, pamodzi ndi kangolo kawo koyenda m'mawodi ndi msika umene amachititsa kamodzi pachaka pabwalo la chipatala m'nyengo yotentha. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, choncho kuperekeza anthu kukaonana ndi madokotala n'kudikira nawo pabenchi ndi gawo la masiku anga, ndipo sitoloyi ndimaidziwa monga wogula wamba, osati membala wa gululo. Maganizo anga ndi akuti ndi malo oyenera kugulapo, koma pali zofooka zimene ukoma mtima wa ogulitsawo suyenera kutiphimba m'maso kuti tisazione.

Sitoloyi ndi chipinda chimodzi chokhala ndi kauntala, mashelefu ochepa ndi matebulo angapo pamene munthu angakhale n'kumwa tiyi. Katundu wake amaonetsa kuti amene amamuoda akhala akuyenda m'chipatala zaka zambiri ndipo akudziwa chimene munthu amasowa akagonekedwa mwadzidzidzi. Muli sopo, miswachi, mankhwala otsukira mano, zipeso, matawulo ang'onoang'ono, masilipasi, zovala zogonera za amuna ndi akazi, zolembera, nyuzipepala za tsikulo ndi makadi olembapo mafuno abwino kwa wodwala. Munthu amene wabwera ndi ambulansi usiku atavala zimene anagona nazo, wachibale wake angathe kumupezera zonse zofunika pa tsiku loyamba osatuluka pageti. Pakona pali shelefu ya mabuku owerengedwa kale amene anthu amapereka mwaulere, ndipo pafupi ndi kauntala pali dengu la tizipewa, timasokosi ndi timajuzi ta makanda toluka pamanja, tina tating'ono kwambiri moti n'toyenera ana obadwa masiku asanakwane, amene zovala zawo sizipezeka wamba m'masitolo akuluakulu. Maluwa sagulitsa, chifukwa mawodi ambiri anasiya kuwalola.

Mitengo yake ndi yosaboola m'thumba, makamaka poyerekeza ndi malo omwera khofi a kampani yaikulu amene ali m'khonde lomwelo. Tiyi wake ndi wotchipa moonekeratu, ndipo ngati mukumwera pomwepo amakupatsani m'kapu yadothi, chinthu chooneka chaching'ono koma chofunika kwa gogo amene manja ake amanjenjemera ndipo kapu yapepala imamupsinjikira m'manja. Komabe chimene ndimachiwerengera kwambiri ndi khalidwe la ogulitsa. Ambiri ndi amayi ndi abambo opuma pantchito, ena anali anamwino kapena aphunzitsi, ndipo alibe bwana wowawerengera mphindi. Munthu wosamva bwino, kapena amene wayamba kuiwalaiwala, akamasanthula m'kachikwama kufuna ndalama zachitsulo, palibe womufulumizitsa kapena kumuchitira tsinya. Amadziwanso makonde onse a chipatala, kotero kuti mlendo wosochera pofuna chipinda chojambulira mafupa kapena chotengera magazi amalondoleredwa bwino pano kuposa ndi zikwangwani. Kuleza mtima komweku kuli ndi mtengo wake, popeza mzere umayenda pang'onopang'ono, ndipo namwino amene ali ndi mphindi zochepa zopumira amangosuzumira n'kupitirira.

Chofooka chachikulu ndi nthawi yotsegulira. Sitoloyi imatseka dzuwa likangopendeka, ndipo Loweruka ndi Lamlungu nthawi zambiri imakhala yotseka, pamene madzulo ndi mapeto a sabata ndi nthawi yeniyeni imene achibale ogwira ntchito amapeza mpata wozonda odwala awo. Masiku ena mumapeza kapepala pachitseko konena kuti lero palibe wogulitsa. Sindikuwaimba mlandu anthu osalipidwa chifukwa chodwala kapena kupita kukalera zidzukulu, koma wogula ayenera kudziwa kuti si malo owadalira usiku. Chachiwiri ndi chakudya. Masangweji ake ndi abwino ndipo amakhala a tsiku lomwelo, koma malo ambiri pashelefu atengedwa ndi chokoleti, maswiti, mabisiketi ndi makeke, zinthu zimene munthu wodwala shuga, amene ndi ambiri pakati pa obwera kuchipatala chotere, sayenera kuziyandikira. Zipatso zimakhalapo pang'ono m'kambale, ndipo chakudya chotentha chokhutitsa munthu amene wadikira kuyambira m'mawa palibe.

Ntchito imene ndikuiona yopambana zonse ndi ya kangolo kamene anthu awiri amakankha kuchokera wodi ina kupita ina, katasenza nyuzipepala, sopo, zakumwa ndi timabuku ta masewera a mawu. Mwa malonda kangoloka sikangabweretse phindu lalikulu, popeza anthu awiri amatha maola ambiri kuti agulitse zinthu zochepa. Koma m'mawodi a okalamba muli anthu amene sabata imatha osazondedwa ndi wina aliyense, ndipo wokankha kangolo ndiye yekha wobwera pabedi pawo popanda jakisoni kapena fomu yoti asaine. Kampani yofuna phindu singachite ntchito imeneyi, ndipo boma silingailembere munthu.

Funso limene mlendo aliyense amadzifunsa ndi lakuti, chipatala choyendera msonkho wa dziko lolemera chonchi chikufuniranji ndalama za tiyi ndi masikono? Yankho lake lili m'mbiri, ndipo popanda mbiriyo n'kovuta kuweruza sitoloyi ndi msika wake mwachilungamo. Chisanafike chaka cha 1948, zipatala zambiri zodziwika za ku Britain sizinali za boma. Zinkamangidwa ndi kuyendetsedwa ndi zopereka za anthu, monga Westminster Hospital ku London imene inayamba mu 1719, St George's mu 1733 ndi London Hospital mu 1740. Munthu wachuma wopereka ndalama chaka ndi chaka ankapatsidwa ufulu wolembera makalata odwala angapo malinga ndi kukula kwa chopereka chake, ndipo wosauka akadwala ankayenera kupeza kalata yotere asanalandiridwe, kupatula pa ngozi. Madokotala akuluakulu ankagwira ntchito m'zipatalazi osalandira malipiro, n'kumapeza ndalama zawo kwa odwala olemera amene ankawaona kunyumba. Amene analibe womulembera kalata ankathera m'zipinda za odwala za m'nyumba zosungiramo amphawi, malo amene anthu ankawaopa.

Zopereka za olemera sizinkakwana, choncho zipatala zinaphunzira msanga kusandutsa chisangalalo kukhala ndalama. Mzinda wa Birmingham ndi chitsanzo chomveka bwino. Ntchito yomanga General Hospital itaima chifukwa chosowa ndalama, mu 1768 anthu anakonza chikondwerero cha nyimbo kuti asonkhe zina, ndipo chipatalacho chinatsegulidwa mu 1779. Kuyambira 1784 chikondwererocho chinkachitika pa zaka zitatu zilizonse mpaka 1912, ndipo chinakula kwambiri moti holo yaikulu ya mzindawo, imene inatsegulidwa mu 1834, inamangidwa kuti chizichitikiramo. M'zaka za m'ma 1800 munabweranso misika yachifundo yoyendetsedwa ndi amayi, imene inkagulitsa zosokasoka, zolukaluka ndi zokongoletsera m'nyumba pamitengo yokwera mwadala. Amayi a nthawi imeneyo analibe mpando m'mabungwe ambiri oyendetsa zipatala, koma misikayi inawapatsa malo ogwira ndalama, kulemba mabuku ndi kulamula. Otsutsa analipo, popeza atsogoleri ena a mipingo ankati mipikisano ya maere ndi juga yovala zachifundo, pamene eni masitolo ankadandaula kuti akulandidwa malonda. Dengu la timajuzi toluka pamanja limene lili pakauntala lero ndi mdzukulu weniweni wa misika imeneyo.

Mu 1859 mipingo ya ku Birmingham inagwirizana zopatula Lamlungu limodzi pachaka kuti chopereka chonse cha tsikulo chipite kuzipatala, mwambo umene unatchedwa Hospital Sunday ndipo unafika ku London mu 1873. Kachitidwe kake kanali kofanana ndi Paper Sunday ya m'mipingo ya kwathu, popeza mpingo uliwonse unkadziwa kuti ndalama zake zilengezedwa poyera ndipo sunkafuna kukhala kumapeto kwa mndandanda. M'chaka chomwecho cha 1873, dokotala wa opaleshoni Sampson Gamgee anatsogolera kuyambitsa thumba la Hospital Saturday mumzinda womwewo, lolunjika kwa anthu ogwira ntchito m'mafakitale amene ankalandira malipiro awo Loweruka. Kusintha kumeneku kunali kwakukulu kuposa mmene kunkaonekera, chifukwa munthu wosonkha kuchokera m'malipiro ake sadziona ngati wopempha. Antchito anayamba kufuna kulandiridwa popanda kalata ya wolemera ndiponso kukhala ndi owaimira m'makomiti a zipatala. Thumba la ku Birmingham lija lilipobe mpaka lero pansi pa dzina lachidule loti BHSF.

M'matauni ang'onoang'ono nkhani inali ya zipatala za mabedi ochepa, zimene chitsanzo chake chotchuka ndi chimene dokotala Albert Napper anatsegula m'mudzi wa Cranleigh ku Surrey mu 1859. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, matauni ambiri anamanga kapena kukuza zipatala zotere pokumbukira ana awo amene anafera kunkhondo, ndipo apa ndi pamene msika wa pachaka unafika pachimake. Tauni yonse inkapatula tsiku kapena sabata yathunthu ya chipatala, yokhala ndi ndawala ya magalimoto okongoletsedwa, mabandi a malipenga, mtsikana wosankhidwa kukhala mfumukazi ya chikondwerero ndi anthu ovala zoseketsa oyenda ndi zitini zosonkhera ndalama. Panalinso tsiku limene banja lililonse linkabweretsa paundi imodzi ya pasikelo ya shuga, tiyi, mpunga kapena sopo, ndi sabata yotolera mazira, imene ana asukulu ankabweretsa mazira oti asungidwe n'kudyetsa odwala kwa miyezi. Ku London, kuyambira 1912, amayi ankagulitsa m'misewu maluwa opanga pa tsiku lotchedwa Alexandra Rose Day, polemekeza Mfumukazi Alexandra, ndipo maluwawo ankapangidwa ndi atsikana olumala. Ku Sheffield, kuyambira 1921, antchito ankadulidwa kobiri limodzi pa paundi iliyonse ya malipiro awo, n'kumalandira chithandizo popanda kulipiranso.

Anthu okonda zakale amaikumbukira nthawi imeneyi mwachisangalalo, koma kunena mosapsatira mawu, dongosololi linali losalungama. Tauni yolemera inkakhala ndi chipatala chabwino, tauni ya migodi ndi ulova inkakhala ndi chipatala cha ngongole, ndipo kukhalapo kwa bedi kunkadalira nthawi zina kuti mvula inagwa kapena ayi pa tsiku la msika. Aneurin Bevan, nduna ya zaumoyo imene inachokera m'tauni ya migodi ya Tredegar ku Wales, anauza Nyumba ya Malamulo mu Epulo 1946 kuti si zoyenera dziko lotukuka kusiya zipatala zake zikudalira chifundo cha anthu, ndiponso kuti ankanyansidwa akaona anamwino oyenera kukhala pantchito akuyenda m'misewu kusonkhetsa ndalama. Pa 5 Julaye 1948 bungwe la boma loyendetsa ntchito zaumoyo lotchedwa NHS linayamba ntchito, ndipo zipatala zoposa 1,000 zimene zinkayendera zopereka zinalowa m'manja mwa boma pamodzi ndi za makhonsolo.

Ambiri ankaganiza kuti zitini ndi misika zathera pomwepo, makamaka chifukwa akuluakulu oyendetsa zipatala za boma sankaloledwa kupempha ndalama kwa anthu. Koma lamulolo silinkaletsa gulu loima palokha la anthu a m'deralo kusonkha n'kupereka mphatso, ndipo pakhomo limeneli ndi pamene panalowera abwenzi a zipatala. Mu 1949 magulu awo anapanga mgwirizano wa dziko lonse wotchedwa National League of Hospital Friends, umene mu 2006 unasintha dzina kukhala Attend. Bungwe lina, limene Lady Reading analiyambitsa mu 1938 monga gulu la amayi othandiza pa nthawi ya nkhondo ndipo lero limatchedwa Royal Voluntary Service, nalonso linayamba kuyendetsa masitolo ndi tingolo m'zipatala zambiri. Mgwirizano wosalembedwa unali wakuti boma lilipire madokotala, mankhwala ndi nyumba, pamene abwenzi azigula zopepukitsa moyo wa wodwala, monga makatani otchinga mabedi, mawailesi, mipando yabwino, mphatso za Khrisimasi ndi matelefoni oyenda nawo m'mawodi. Lamulo la zaumoyo la 1980 linatsegulanso njira yoti zipatala zizisonkhetsa zokha, ndipo kuchokera pamenepo kunabwera makampeni akuluakulu monga Wishing Well ya chipatala cha ana cha Great Ormond Street, imene inayamba mu 1987 n'kupeza mapaundi 54 miliyoni. Mu Epulo 2020, msilikali wakale wa zaka 99, Captain Tom Moore, anayenda maulendo 100 m'munda wa panyumba pake pofuna kupeza mapaundi 1,000 othandizira NHS, koma anthu anasonkha oposa 32 miliyoni. Pakati pa ziwerengero zotere, gulu la m'tauni lokhala ndi matebulo a makeke limaoneka laling'ono kwambiri.

Msika wa gulu limene ndikuliwunikali umachitika Loweruka lina m'mwezi wa Juni, pa kapinga wa kumbuyo kwa chipatala, ndipo eni ake amautcha fete. Polowa palibe mtengo woikika, mumangoponya chimene muli nacho m'ndowa. Tebulo la makeke ndilo mtima wa msikawo, ndipo apa palibe chodandaula, chifukwa zonse ndi zophika pakhomo, zokoma kuposa za m'sitolo, ndipo zimatha ola loyamba lisanakwane. Jamu wopanga okha ndi wabwinonso, ndipo tebulo la mbande za maluwa, tomato ndi zitsamba zokometsera ndiwo limagulitsa pamtengo wotsika kwambiri kuposa m'masitolo a za m'munda. Tebulo la kaunjika ndi ziwiya zakale ndi la mwayi, popeza wina angapeze jekete yabwino kapena mapoto olimba, pamene wina amangoona zidole zothyoka ndi makapu opanda anzake. Ana amapentedwa kumaso, amakwera galimoto yozimitsa moto ndi kuponya mipira kuti agwetse kokonati, kwinaku bandi ya malipenga ya m'tauniyo ikuimba pansi pa tenti. Masewera amene amakoka chinamtindi cha anthu ndi oponya siponji yonyowa kumaso kwa dokotala wamkulu amene wadzipereka kukhala pampando, ndipo oima pamzere ambiri amakhala anamwino a m'wodi yake.

Chakudya chenicheni chokhutitsa chimapezeka pa matebulo a antchito a chipatala ochokera kumayiko ena. Anamwino ochokera ku India, Philippines, Nigeria ndi Zimbabwe amabwera ndi masamusa, mpunga wokazinga ndi nyama yootcha, ndipo mzere wake umaposa wa mabanzi oikamo nyama aja amati mabega. Izi zikuonetsa mmene chipatalacho chilili lero, chifukwa popanda anthu amenewa mawodi ake sakanatseguka, koma komiti ya abwenzi ikuoneka kuti sinawalowetse m'kati mwake, imangowabwereka tsiku limodzi pachaka. Tebulo la Amalawi sindinalionepo, ngakhale kuti tilipo ndithu m'ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba m'derali, ndipo sindikukayika kuti mandasi ndi zitumbuwa zotentha zingathe msanga monga mmene amathera makeke.

Zolakwika za msikawu zilipo ndipo zina n'zosavuta kukonza. Kapinga ndi wovuta kwa anthu a pa njinga za olumala ndi oyenda ndi ndodo, chinthu chodabwitsa pa msika wa chipatala, ndipo mvula ikagwa usiku wake matayala amatitimira. Matebulo ambiri amalandira ndalama zapamanja zokha, pamene achinyamata ambiri m'dzikolo anasiya kuyenda nazo, choncho malonda ena amatayika. Mphoto za mpikisano wa maere wotchedwa tombola nthawi zambiri zimakhala mabotolo a vinyo ndi zitini zimene zakhalitsa m'kabati mwa munthu wina, ndipo kwa banja lobwera ndi ana kapena losamwa mowa palibe chokopa. Odwala ogonekedwa, amene msikawo ukuchitikira m'dzina lawo, ambiri amangomva malipenga chapatali, ndipo bwenzi zili bwino kangolo kaja kakanadzazidwa makeke tsiku limenelo n'kukwera nawo kumawodi. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndalama zimene zapezeka sizilengezedwa msanga. Makolo awo a Hospital Sunday ankadziwa kuti wosonkha amafuna kumva chiwerengero mtima ukadali wotentha, pamene awa amachilemba patapita miyezi m'kakalata kamene kamafika kwa mamembala okha.

Munthu akawerengera maola onse amene anthu amathera pokonzekera msikawu, kuphika, kunyamula matebulo ndi kukhoma matenti, n'zoonekeratu kuti si njira yachangu yopezera ndalama. Sitolo yogulitsa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi chuma chamasiye chimene anthu ena amalembera gululo asanamwalire, ndizo zimene zingasenze katundu wolemera. Phindu la msika lili kwina. Ndi tsiku lokhalo limene anthu a m'tauni amalowa pageti la chipatala opanda ululu kapena mantha, n'kuona dokotala wawo atanyowa ndi siponji, ndipo anthu otere ndi amene amadzaza holo pamene akuluakulu a zaumoyo alengeza zofuna kutseka wodi ya amayi oyembekezera kapena chipinda cha ngozi. Zipatala zing'onozing'ono za m'matauni zakhala zikuopsezedwa ndi kutsekedwa kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri magulu a abwenzi ndi amene amatsogolera kukana.

Kukhoma la sitoloyi kuli bolodi lolembapo zimene gululo lagula, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuliwerenga asanalipire tiyi wake. Pali mipando yotha kugonekedwa kuti wachibale wa munthu wodwala mwakayakaya agone pambali pake, mawotchi akuluakulu osonyeza tsiku ndi mwezi a m'wodi ya odwala matenda oiwala, ndi kamunda ka maluwa kokhala ndi mabenchi. Zimenezi ndi zoyenera ndithu ndalama za msika. Koma pabolodi lomwelo palinso makina oyezera kuthamanga kwa magazi, makina ounikira chikhodzodzo ndi zida zonyamulira odwala pabedi, ndipo apa ndi pamene ndimaima. Zida zotere si zokometsera, ndi zogwirira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ngati wodi ikuzipeza chifukwa chakuti agogo ena anaphika makeke, ndiye kuti malire aja a 1948 akufufutika mwakachetechete. Vuto lakale limabwerera nalo limodzi, popeza tauni ya anthu opuma pantchito olemera imasonkha zambiri kuposa tauni ya mafakitale otsekedwa, ndipo zipatala za ana ndi za khansa zimakopa zopereka mosavuta kuposa mawodi a matenda a maganizo ndi a okalamba. Izi sizichotsa ulemu wa ogulitsa pakauntala, amene amangogula zimene asisitala a m'mawodi apempha, koma wogula ayenera kudziwa kuti paundi yake nthawi zina ikutseka dzenje limene likanatsekedwa ndi msonkho umene analipira kale.

Kwa ife ochokera ku Malawi, nkhani yosonkhera chipatala si yachilendo. Kampani ya nyuzipepala ya Nation Publications Limited yakhala ikuchititsa Mother's Fun Run kwa zaka zambiri pofuna kugula zipangizo za m'mawodi a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma, ndipo mipingo ndi magulu osiyanasiyana amayenda ndawala zosonkhera zipatala zamishoni. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu sonkhasonkha amagula zopulumutsa moyo zenizeni, ndipo palibe amene amanamizira kuti ndi zokometsera. Chimene ndikuona choyenera kutengera kwa abwenzi a ku England si matenti kapena malipenga, koma kukhazikika kwa gulu la m'deralo limene silidikira tsiku limodzi la makamera, lili ndi kabizinesi kobweretsa ndalama sabata iliyonse, ndipo mabuku ake ndi otseguka kwa aliyense. Ku England ndi Wales bungwe lachifundo lopeza ndalama zoposa mapaundi 25,000 pachaka limayenera kutumiza malipoti ake a ndalama ku Charity Commission, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe achifundo, ndipo munthu aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti polemba dzina kapena nambala ya bungwelo. Nambala ya gulu limene ndikunenali yalembedwa pachikwangwani cha sitolo, ndipo malipoti ake amaonetsa kuti palibe wa m'komiti amene amalandira malipiro.

Tsogolo la sitoloyi silikuoneka lowala kwenikweni. Ogulitsa ake akukalamba, ndipo anthu amene akanawalowa m'malo akugwirabe ntchito chifukwa zaka zopumira zinakwezedwa, kapena akulera zidzukulu. Malo a pafupi ndi khomo lalikulu la chipatala ndi amtengo wapatali, ndipo oyendetsa zipatala amene ali ndi ngongole amakopeka ndi lendi ya makampani akuluakulu, kotero kuti m'zipatala zina masitolo a abwenzi anasamutsidwira kumakona obisika kapena kutsekedwa kumene. Nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene alendo ndi ongodzipereka analetsedwa kulowa m'zipatala, inadula mwambo wa anthu ambiri achikulire amene sanabwererenso. Gululi likadafuna kukhalitsa, bwenzi likutsegula madzulo ndi mapeto a sabata pogwiritsa ntchito ophunzira a m'makoleji amene akufuna kudzachita maphunziro a unamwino ndi udokotala, popeza achinyamata otere amasakasaka malo oonetsera kuti anathandizapo m'chipatala.

Kwa amene akupita kukazonda wodwala masana a pakati pa sabata, sitoloyi ndi yabwino kuposa ina iliyonse m'nyumbamo pa tiyi, sangweji ndi zosowa za munthu wogonekedwa, koma wopita madzulo kapena Lamlungu atengeretu zake kunyumba. Wofuna kupita kumsika wa pachaka afike pamene akutsegula, atenge ndalama zachitsulo ndi chikwama chonyamulira mbande, ndipo ngati akuperekeza munthu wa pa njinga ya olumala ayambe waona mmene kunja kwachera. Wolipira msonkho ku Britain amene akufuna kuti ndalama yake ichuluke achite bwino kupereka mwachindunji n'kusaina fomu ya Gift Aid imene imakhala pakauntala, chifukwa pa paundi iliyonse yoperekedwa motero gululo limakatenganso mapeni 25 kuboma, pamene ndalama yogulira keke kapena tikiti ya maere ilibe chowonjezera chimenecho.